Galu Wolondera Khola Asatidanitse ndi Anansi

Amayi anzanga, ndani mwa ife amene sadachezerepo usiku chifukwa cha galu wa khomo loyandikana nalo? Khanda langogona kumene, bambo alawirira ku ntchito m'mamawa, koma galu ali pakamwa yasa kufikira tambala woyamba. Kukacha, moni wa pachitsime amazizira, ndipo posakhalitsa anthu amene ankapatsana mchere amayamba kulambalalana. Komatu mwini galu naye ali ndi mawu ake: popanda galuyo, fisi kapena mbala zikadatha kale mbuzi zimene banja likudalira pogula feteleza ndi kulipirira ana sukulu.

Choyamba tivomereze kuti kuuwa ndiyo ntchito ya galu wolondera ziweto. Umboni wake tiupeza ku Namibia. M'dzikomo alimi ankataya mbuzi ndi nkhosa zambiri chifukwa cha nkhandwe ndi akakwiyo, zilombo zamawangamawanga zonga kambuku koma zaliwiro kwambiri. M'chaka cha 1994, bungwe la Cheetah Conservation Fund, limene lili pafupi ndi tauni ya Otjiwarongo, lidayamba kupereka kwa alimi agalu akuluakulu a mtundu wa Anatolian, umene udachokera ku Turkey. Mwana wa galu amamuika m'khola ali ndi miyezi iwiri kapena itatu, kuti akule akuona mbuzi ngati abale ake. Akakula sasaka chilombo kuthengo ayi. Amaima pakati pa chilombo ndi ziweto nauwa ndi mawu aakulu, ndipo chilombo chimabwerera chisanagwire kanthu. Chida chake chenicheni ndi pakamwa.

Koma mafamu a ku Namibia ndi aakulu, nyumba zili kutalikutali. Kwathu kuno khola la wina limayang'anana ndi zenera la mnzake. N'chifukwa chake mayi wanzeru ayenera kusiyanitsa kuuwa kwa ntchito ndi kuuwa kwa dandaulo. Galu amene wamva fungo la fisi amauwa mwaukali atayang'ana mbali imodzi, ndipo choopsacho chikachoka amaleka. Koma galu wouwa mosalekeza, nthawi zina molira, kawirikawiri amakhala ndi njala, ludzu, utitiri kapena nkhupakupa, mwinanso watopa ndi chingwe chachifupi chimene wamangidwa nacho tsiku lonse. Kuuwa kotereku mankhwala ake ali m'manja mwathu.

Galu adye chakudya chokwanira madzulo, osati mikute yokha, ndipo madzi akumwa asamusowe. Mbuzi zilowe m'khola lolimba dzuwa lisanalowe, chitseko chitsekedwe bwino, pakuti ziweto zikabalalika galu sakhazikika. Malo ake ogona akhale pafupi ndi khola, koma mbali yotalikirana ndi chipinda chogona cha anansi. Akauwa usiku, mmodzi wa inu atuluke ndi tochi akaone. Ngati palibe kanthu, mulankhuleni mofatsa, ndipo akakhala chete muyamikireni. Kumukalipira muli m'nyumba n'kosathandiza, chifukwa iye amayesa kuti mukumuthandiza kuuwa. Kumumenya kumangomusandutsa wamantha kapena wolusa. Dziwaninso kuti galu wamng'ono amauwa chilichonse, ngakhale tsamba louluka, ndipo amayamba kukhwima nzeru akamayandikira zaka ziwiri. Galu wamphongo wokonda kuyendayenda pofuna akazi, kafunseni alangizi a ziweto za kumuthena.

Tsopano za anansi. Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Musadikire kuti mnzanu afike pakhomo atakwiya. Pitani nokha masana, mukhale pansi, munene kuti, "Pepani amayi, ndikudziwa kuti galu wathu akukusowetsani tulo. Kodi amasokosa kwambiri nthawi yanji?" Yankho lawo lingakuthandizeni kudziwa chimene chimamudzidzimutsa, mwina anthu ochokera ku mowa kapena agalu ena odutsa. Afotokozereni zimene mukuchita pofuna kuchepetsa phokosolo, ndipo patapita sabata mukafunsenso ngati zasintha. Munthu amapirira zambiri akaona kuti dandaulo lake lamveka.

Inunso amene mukusowa tulo, musatume ana kukagenda galu, ndipo musaponye mawu okuluwika pamtondo. Koposa zonse, musayerekeze kuthira poizoni m'chakudya. Nyambo yotere sisankha: idzapha nkhuku zanu zomwe, ndipo mwana wokwawa angathe kuitola. Madzi akatayika saoleka. Kumbukiraninso kuti galu wa mnzanu akathamangitsa mbala, nkhuku zanu nazo zapulumuka. Mukalephera kumvana awiri, abambo a m'nyumba ziwirizo akambirane. Zikakanika pamenepo, nkhani ipite kwa anyakwawa, kapena kwa amfumu a m'dera ngati muli m'tauni. Galu akapha nkhuku ya mwini, lipirani msanga popanda makani, chifukwa mtengo wa nkhuku ndi wochepa poyerekeza ndi chibale.

Amayi a m'tauni, lingalirani bwino musanatenge galu wamkulu. Poloti yaing'ono yokhala ndi nkhuku khumi imafuna khola lolimba ndi loko wabwino kuposa galu wosowa pothamangira, amene adzauwa aliyense wodutsa mumsewu.

Mlandu waukulu kuposa phokoso ndi wa kulumidwa. Galu aliyense abayitsidwe katemera wa chiwewe chaka ndi chaka, ndipo chikalata chake chisungidwe pabwino, kuti tsiku la tsoka mudzakhale ndi choonetsa. Mu mzinda wa Blantyre bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu ambirimbiri katemerayu m'chaka cha 2015. Galu akaluma munthu, kaya ndi mwana wanu kaya wa mnansi, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo thamangirani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Mwini galu aperekeze wolumidwayo ndi kuthandiza pa zofunika, za mlandu zibwere pambuyo.

Mbuzi ndi chuma, tulo ndi moyo, ndipo zonsezi tizifuna. Koma tsiku limene mudzadwale pakati pa usiku, amene adzakuperekezeni ku chipatala ndi mayi wa khomo loyandikana nanu. Madzulo ano, mukatha kumupatsa galu chakudya, kagogodeni kwa anansi.