Nkhuku Yam'chitini: Kodi Ndi Ndiwo Yoyenera Kusunga?

Amayi anzanga, namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anatisonyeza kufunika kwa ndiwo yosungika. Mabanja ambiri anakagona m'masukulu ndi m'matchalitchi, nkhuni zitanyowa. Pa nthawi yotere chakudya cham'chitini chimathandiza chifukwa n'chophikaphika.

Ku America amagulitsa nkhuku yathunthu m'chitini cholemera pafupifupi makilogalamu 1.4. Ena amaitenga pokagona kutchire, ena amaisungira tsiku la tsoka. Chitini chosatsegula chimatha zaka 2 mpaka 5 chikakhala pouma ndi pozizira. Koma mbali yaikulu ya kulemerako ndi msuzi ndi mafupa, mnofu ndi wochepa. Mcherenso umachuluka, ndipo siwabwino kwa amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mukatsegula, ngati mulibe furiji, ndiwoyo ithe pasanathe maola awiri.

Zam'chitini zilizonse zimene mwagula kapena kulandira, kaya nsomba, nyama kapena nyemba, yambani mwaona tsiku lake lothera. Chitini chotupa, chodontha kapena chodyeka ndi dzimbiri tayani osalawa, ndipo musapatse ziweto. Mukhoza kukhala poizoni wa botulism, amene nthawi zina samveka fungo. Amafoola thupi mpaka munthu kulephera kupuma.

Kwa ife, ndalama yogulira chitini chotere ipindula kwambiri tikagulira usipa, matemba, soya ndi mtedza, n'kufutsanso masamba athu. Ziume bwino, mtedza wachuku muchotse, ndipo muzisunge m'ndowa yovindikira, pamalo okwera. Pa msonkhano wa bungwe ukubwerawu, kumbutsanani kuyamba mvula isanagwe.