MANKHWALA A KHANSA: CHIFUKWA CHIYANI MUYENERA KUBWERANSO PA TSIKU LIMENE MWAUZIDWA?

Inu a ku Chileka ndi ku Lirangwe amene mwatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kapena amene mukudwazika mbale wanu kumeneko, mwina mwamvapo dzina lakuti paclitaxel. Aŵa ndi mankhwala a m'diripi operekedwa pa khansa ya m'maŵere, ya khomo la chiberekero, ndi ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma. Ambiri amafunsa kuti, nanga bwanji osangopereka onse tsiku limodzi? Yankho lili m'kagwiridwe kake ka ntchito.

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono totchedwa maselo. Selo imachulukana pogaŵika paŵiri, ndipo khansa ndiyo maselo amene akugaŵika mosalekeza. Isanagaŵike, selo imapanga makromozomu ena ofanana ndi ake 46 aja, amene amasunga malangizo a chibadwa. Kenaka imaluka tiulusi totchedwa microtubule, timene timakokera makromozomuwo mbali ziŵiri, kuti selo yatsopano iliyonse ilandire gawo lokwanira. Tiulusiti tiyenera kutalika ndi kufupika, monga chingwe cha pachitsime chimatsikira ndi kukwera. Chingwe chitauma gwa ngati mtengo, madzi simungatunge.

Paclitaxel amamatirira pa tubulin, chomangira cha tiulusito, ndi kutiumitsa kuti tisamasuke. Selo imaima pakati pa kugaŵika ndipo imafa, kapena imagaŵika molakwika ndi kufa pambuyo pake. Inu ophunzira zaumoyo amene mukukonzekera mayeso, apa ndipo ambiri amaphonya: vincristine amaletsa tiulusi kulukika, pamene paclitaxel ndi docetaxel amatiletsa kumasuka. Njira nzosiyana, koma onse amaimitsa selo pa mitosis.

Mankhwalaŵa anapezeka m'khungwa la mtengo wa Pacific yew wa ku America. Monroe Wall ndi Mansukh Wani anafotokoza kapangidwe kake mu 1971, ndipo Susan Horwitz anatulukira mmene amagwirira ntchito mu 1979. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2020, amene odwala a m'Malaŵi muno anachita nawo, anaonetsa kuti pa Kaposi sarcoma yokula, paclitaxel pamodzi ndi ma ARV amathandiza koposa mankhwala ena aŵiri amene anayesedwa.

Tsono dziŵani ichi: maselo a khansa sagaŵika onse nthaŵi imodzi. Amene anali kupuma pa tsiku la diripi angathe kupulumuka, nadzayambanso kuchulukana. Nchifukwa chake mankhwala amabwerezedwa, kaŵirikaŵiri pakapita masabata atatu. Mukalumpha tsiku lanu chifukwa chotupa chaphwa, mwapatsa mpata otsalawo. Ngati ndalama yoyendera yavuta, fotokozerani anamwino msanga, osangokhala chete kunyumba.

Maselo abwino amene amagaŵika msanga nawonso amakhudzidwa. Tsitsi limathothoka, koma lidzameranso. Si matsenga ayi. M'kamwa mungatuluke zilonda. Minyewa nayo imadalira tiulusi tomweti, motero ena amamva dzanzi kumapazi ndi kuzala. Uzani adokotala musanalandire diripi yotsatira. Amayi, peŵani kutenga pathupi kapena kuyamwitsa pamene mukulandira mankhwalaŵa.

Choopsa koposa ndi kuchepa kwa maselo oyera a m'magazi, amene amateteza thupi ku matenda. Wodwala akatentha thupi masiku otsatira diripi, musangoti ndi malungo nkumugulira mapiritsi kugolosale. Thamangani naye ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo, ngakhale usiku, mutatenga buku lake la kuchipatala, ndipo mukanene kuti akulandira mankhwala a khansa.