Madayisi sakumbukira: masamu a nthawi yochotsa ndalama pa craps

M'makasino a ku Las Vegas ndi Atlantic City ku America muli masewera a njuga otchedwa craps. Anthu amazungulira tebulo lalitali, mmodzi n'kumaponya madayisi awiri, enawo n'kumabetcha. Mkangano wosatha pakati pa osewerawa ndi wakuti: ndalama zomwe waika patebulo uzichotse liti, kapena uzichepetse liti? Funsoli sindinalisankhe kuti ndikuphunzitseni njuga ayi. Ndalisankha chifukwa likuonetsa bwino phunziro la probability lomwe mumakumana nalo m'masamu, komanso mmene ubongo umatinamizira pa nkhani ya mwayi.

Tiyambe ndi madayisiwo. Ndi ofanana ndi a ludo aja, a mbali 6. Mukaponya awiri, pali njira 36 zomwe angagwere, chifukwa 6 × 6 = 36. Nambala 7 ili ndi njira 6: 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4, 4 ndi 3, 5 ndi 2, komanso 6 ndi 1. Nambala 6 ndi 8 zili ndi njira 5 iliyonse, 5 ndi 9 zili ndi njira 4, pomwe 4 ndi 10 zili ndi njira 3 zokha. Ndiye 7 ndi imene imatuluka kwambiri, ndipo mwayi wake ndi 6 pa 36, womwe ndi 1 pa 6.

Tsopano titenge kubetcha kumodzi kotchuka, kotchedwa place bet. Munthu amaika madola 6 ponena kuti 6 ituluka 7 isanatuluke. Ikatuluka 6 amalandira madola 7, ndipo ndalama yobetchayo imakhalabe patebulo. Ikatuluka 7, yadyedwa. Nambala zinazo siziikhudza. Kasino imalola munthu kuchotsa ndalamayi nthawi ina iliyonse.

Apa ndi pomwe aliyense amakhala ndi nzeru zake. Wina amachotsa akapambana kawiri. Wina amayamba ndi madola 12, akangopambana kamodzi n'kuchepetsa kufika pa 6. Wina amawerenga: madayisi akaponyedwa kanayi popanda 7, amachotsa msangamsanga poganiza kuti 7 yayandikira.

Maganizo omalizawa amamveka ngati anzeru. Mwayi woti 7 isatuluke pa maulendo anayi otsatizana ndi 5/6 × 5/6 × 5/6 × 5/6, zomwe zikutipatsa 625/1296, pafupifupi 48 pa 100. Koma taonani bwino. Yankho limeneli likunena za maulendo anayi omwe sanaponyedwe. Akangoponyedwa, nkhani yawo yatha. Pa ulendo wachisanu mwayi wa 7 ndi womwe uja, 1 pa 6. Madayisi alibe mutu woti n'kusungamo zomwe zachitika.

Umboni ulipo. Mu 2009, mayi wina dzina lake Patricia Demauro anaponya madayisi ka 154 pa kasino ya Borgata ku Atlantic City, kwa maola anayi ndi mphindi 18, asanagwetsedwe ndi 7 yothetsa ulendo wake. Kale mu 1913, ku Monte Carlo, kampira ka masewera ena otchedwa roulette kanagwera pa mtundu wakuda ka 26 motsatizana. Anthu analuza ndalama zankhaninkhani pobetcha wofiira, poganiza kuti nthawi yake yakwana basi.

Nanga kasino imapindula bwanji? Tiwerengere limodzi. Pa njira 36 zija, 11 zokha ndi zimene zimagamula place bet ya pa 6: njira 5 zopambana ndi 6 zoluza. Kupambana kasanu ndi 5 × 7, madola 35. Kuluza ka 6 ndi 6 × 6, madola 36. Kusiyana kwake ndi dola imodzi pa madola 66 omwe abetchedwa, pafupifupi 1.5 peresenti. Pa 5 kapena 9 kasino imadya 4 peresenti, ndipo pa 4 kapena 10 imadya pafupifupi 6.7 peresenti. Kagawo kameneka sikasintha, kaya ndi ulendo woyamba kapena wa 50.

Ndiye kuchepetsa ndalama kumathandiza? Eya, koma osati mmene osewera amaganizira. Amene watsitsa madola 12 kufika pa 6 waika ndalama zochepa pangozi, choncho pakapita nthawi amaluza pang'ono. Sikuti wadziwa nthawi yomwe 7 ibwere. Ngati kuchotsa pa ulendo wachisanu kuli kwanzeru, kunalinso kwanzeru chimodzimodzi pa ulendo woyamba, ndalamayo isanatuluke n'komwe m'thumba.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi kuona zomwe kasino imalola ndi zomwe imakaniza. Kubetcha kwakukulu pa craps kumatchedwa pass line. Pa ulendo woyamba, 7 kapena 11 ndi kupambana, njira 8, pomwe 2, 3 kapena 12 ndi kuluza, njira 4 zokha. Ikatuluka nambala ina, mwachitsanzo 4, imasanduka point, ndipo iyenera kutulukanso 7 isanabwere. Apa zinthu zatembenuka: njira 3 zopambana, 6 zoluza. Munthu angafune kuthawa ndi ndalama yake, koma lamulo la patebulo silimulola.

Kubetcha kwina, don't pass, ndi kosemphana ndi kumeneku. Ngozi yake yaikulu ili pa ulendo woyamba. Point ikakhala 4, wobetchayo ali ndi njira 6 zopambana ndi 3 zoluza. Iyeyu ndiye amaloledwa kuchotsa nthawi ina iliyonse! Mwaona? Pomwe kuchotsa kukanathandiza wosewera n'koletsedwa, ndipo pomwe kukumupweteka khomo n'lotsegula. Amene analemba malamulowa masamu ankawadziwa.

Funso lakuti "ndichotse liti" limabweranso pa masewera a pafoni ngati Aviator, ndipo nakonso zomwe zangochitika sizikuuzani zomwe zikubwera. Njuga ndi yoletsedwa kwa ana osakwana zaka 18 ku Malawi, ndipo ku Las Vegas munthu ayenera kukhala ndi zaka 21. Koma ngakhale kwa akuluakulu, masamu ake ndi omwewa.

Musangondikhulupirira. Tengani madayisi awiri a ludo, muponye ka 180 ndi mnzanu, n'kumalemba zonse zotuluka m'kope. Nambala 7 iyenera kutuluka pafupifupi ka 30. Kenako fufuzani paliponse pomwe padutsa maulendo anayi opanda 7, muone chomwe chinatuluka pa ulendo wotsatira. Muphatikize zotsatira za kalasi yonse, ndipo muwerenge kuti 7 inabwera kangati.