Homoni Yokulitsa Thupi ndi Vuto la Kuiwala mwa Akuluakulu

Pansi pa ubongo, chakumbuyo kwa mphuno, pali kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nsawawa kamene madokotala amakatcha pituitary, ndipo ntchito yake ndi kutulutsa mahomoni, omwe ndi timadzi toyenda m'magazi topereka malangizo ku ziwalo zina. Imodzi mwa mahomoniwa ndiyo imatalikitsa mwana, koma ntchito yake sithera pomwe msinkhu walekezera, chifukwa mwa wamkulu imapitiriza kutuluka, makamaka pa tulo tofa nato, n'kumalimbitsa minofu ndi mafupa komanso kuchititsa chiwindi kupanga homoni ina yotchedwa IGF-1. Ziwirizi zimagwiranso ntchito m'chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus, chimene chimathandiza munthu kusunga zimene wangomva kapena kuona.

Homoni yokulitsa thupi ikachepa, thupi limalefuka, mafuta amaunjikana pamimba, ndipo munthu amayamba kudzipatula. Koma chopweteka kwambiri, chimene abale amachedwa kuchizindikira, n'chakuti maganizo sakhazikika pa chinthu chimodzi ndipo zimene wangouzidwa kumene zimam'thawa. Mayi wogulitsa kachewere pa Tsangano Turn-off, amene kale ankawerengera chenji pamutu galimoto isananyamuke, akhoza kuyamba kubwereza katatu mtengo wa ndowa imodzi, anzake n'kumati wayamba ulesi kapena am'lodza, chonsecho nzeru zake zilipo ndipo chasowa ndi homoni.

Mabuku a zachipatala amatchula kwambiri chotupa cha pa kachiwaloka, opaleshoni yake, ndi chithandizo chowotcha chotupacho monga magwero a vutoli, koma kudera lamapiri ngati la Tsangano, kumene midzi ina yatalikirana ndi chipatala, pali magwero ena awiri ofunika kuwaganizira mozama. Loyamba ndi kutaya magazi ambiri pobereka. Pa nthawi ya pakati kachiwaloka kamakula n'kumafuna magazi ochuluka, choncho magazi akatsika mwadzidzidzi mbali yake ina imafa, monga anafotokozera dokotala wa ku Britain, Harold Sheehan, mu 1937, ndipo matendawa amadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Zizindikiro zoyambirira zimakhala zakuti mkaka sutuluka ndiponso msambo subwerera, pomwe kufooka ndi kuiwala zimadza pang'onopang'ono, mwina patapita zaka zambiri, moti palibenso amazigwirizanitsa ndi uchembere wakale uja. Lachiwiri ndi kuvulala mutu, kumene kumagwera okwera njinga zamoto za kabaza opanda chipewa choteteza mutu, pakuti timitsempha topita ku kachiwaloka n'tosachedwa kuwonongeka ngakhale bala lakunja litapola bwinobwino.

Kuyeza vutoli n'kovuta, popeza homoniyi imatuluka mwa apo ndi apo. Madokotala amayeza IGF-1, kapenanso kutsitsa dala shuga wa m'magazi ndi insulini kuti aone ngati kachiwaloka kayankha, zomwe zimachitika pamaso pa akatswiri okha. Homoni yopangidwa m'mafakitale inayamba kuperekedwa kwa ana mu 1985, ndipo ku America inaloledwa kwa akuluakulu mu 1996. Ambiri amaibaya tsiku ndi tsiku, mtengo wake ndi wokwera, ndipo ngakhale kafukufuku wina anasonyeza kuti imathandizako kukumbukira, phindulo silifanana mwa onse.

N'chifukwa chake mbiri ya wodwala ili yofunika kuposa china chilichonse pa chiyambi. Munthu amene akuiwalaiwala ndi kufooka ayenera kuuza wachipatala za kutaya magazi kapena ngozi imene anachitapo, ngakhale ya kalekale, kuti atumizidwe ku chipatala cha boma ku Ntcheu, mwinanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kachiwaloka kakawonongeka, kawirikawiri mahomoni ena amasowanso, monga amene amayendetsa chithokomiro ndi homoni yotchedwa cortisol, ndipo kusowa kwa cortisol kungathe kupha munthu akadwala malungo kapena kuchitidwa opaleshoni, pamene mapiritsi obwezeretsa mahomoni awiriwa ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi jakisoni wa homoni yokulitsa thupi.