Amisiri a Mapulogalamu ndi Mayeso a kwa Mpama

Anthu ambiri a kwa Mpama m'boma la Chiradzulu sanaonepo ndi maso mmisiri wolemba mapulogalamu a kompyuta, koma ntchito ya manja ake amakumana nayo pafupifupi sabata iliyonse. Mayi wolandira ndalama pafoni kuchokera kwa mwana wake amene ali ku Joni, mlimi amene waima pamzere wa feteleza wotsika mtengo atagwira chiphaso cha unzika, wodwala amene wapita kukatenga ma ARV, onsewa tsiku lawo liyenda bwino kapena lisokonekera malinga ndi zimene munthu wina analemba ali mu ofesi ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja kwa dziko. Zikavuta, mawu amene amamveka ndi amodzimodzi: "netiweki palibe, mubwere mawa." Mfundo yanga ndi yakuti mawu amenewa kawirikawiri amabisa ntchito imene sinagwiridwe mpaka kumapeto. Pulogalamu imene sinayesedwe kumalo onga kwa Mpama, ndi anthu onga a kwa Mpama, sinathe kupangidwa, ngakhale nduna itaikhazikitsa kale ndi mwambo. Ndipo mwa anthu onse a ntchitoyi, amene timawapeputsa kwambiri, oyesa ndi makalaliki, ndi amene akugwira mbali yake yolemera.

Ntchitoyi si ya munthu mmodzi wokhala chete pa laputopu monga ambiri amaganizira. Pali amene amayamba, wofufuza zofunika, amene amakhala pansi ndi namwino kapena mlangizi wa zaulimi n'kufunsa mmene ntchito imayendera lero, ndani amalemba chiyani, pepala limachoka m'manja mwa yani kupita kwa yani. Pali wokonza mapulani, amene amagamula kuti nkhani za anthu zisungidwe pati, mbali iyi ilankhulane bwanji ndi inayo, ndipo chichitike n'chiyani mbali imodzi ikafa. Kenako olemba kodi, amene ndiwo amatchuka. Pambuyo pawo pamabwera woyesa, munthu amene ntchito yake ndi kufunafuna dala pamene pulogalamu ingathyokere. Ndiye pali oyenda ndi galimoto kapena njinga yamoto kukamanga mawaya, kusintha mabatire ndi kuphunzitsa ogwiritsa ntchito, komanso makalaliki olowetsa nkhani tsiku ndi tsiku. M'makampani ang'onoang'ono a kuno kwathu, maudindo anayi oyambawo amagwera mnyamata kapena mtsikana mmodzi, ndipo nthawi ikachepa, udindo umene umayamba kutayidwa ndi wa kuyesa.

Chiradzulu ali ndi mbiri pa nkhaniyi imene anthu a makompyuta ayenera kuidziwa. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV pachipatala chachikulu cha bomali, zaka zitatu boma la Malawi lisanayambe kupereka mankhwalawa mwaulere m'dziko lonse mu 2004. Kenako chithandizocho chinafalikira ku zipatala zazing'ono monga Namitambo, Mauwa, Nkalo ndi Mbulumbuzi. Kuti odwala masauzande atsatiridwe, bungweli linkagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa FUCHIA, yopangidwa ndi Epicentre ya ku Paris. Wachipatala ankalemba pafomu, ndipo kalaliki ankalowetsa zolembedwazo mu kompyuta. Zimene zinatuluka m'nkhokwe imeneyi zinathandiza kutsimikizira dziko lapansi kuti munthu wakumudzi ku Africa atha kumwa mankhwalawa mokhulupirika n'kukhala ndi moyo, panthawi imene akuluakulu ena ankati n'zosatheka. Koma taganizirani pamene panagona kulondola kwa umboniwo. Sipanali ku Paris kokha. Panali pa kalaliki amene anaona kuti munthu mmodzi walembedwa kawiri chifukwa wina analemba Malita wina Marita, kapena kuti sikelo ya mwana yalembedwa makilogalamu a munthu wamkulu. Munthu ameneyu ankayesa pulogalamuyo tsiku lililonse, ngakhale kuti palibe amene ankamutcha woyesa.

Phunziro lomveka kwambiri la kakonzedwe kabwino linachokera ku Baobab Health, imene Gerry Douglas anayambitsa pachipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, cha m'ma 2001. Amisiri a Baobab, ambiri mwa iwo Amalawi, sanayambire pa funso lakuti kompyuta yamakono ingachite chiyani. Anayambira pa zimene anaona m'chipatala: magetsi a ESCOM amazima osatsanzika, fumbi limapha makina, ndipo namwino amene ali ndi mzere wautali panja alibe nthawi yophunzira kutaipa. Choncho anachotsa kiyibodi ndi mausi n'kuika sikirini yongokhudza ndi chala, funso limodzi pa nthawi imodzi, mabatani akuluakulu. Makinawo anawakonza kuti azidya moto wochepa kuchokera ku mabatire, kuti magetsi akathima ntchito isaime. Wodwala aliyense ankamatiridwa kapepala ka mizeremizere pa buku lake la kuchipatala kuti asamafunsidwenso dzina ulendo uliwonse. Ndipo popeza agogo ambiri sadziwa tsiku lawo lobadwa, pulogalamuyo inalola kuti munthu alembedwe ndi zaka zongoyerekeza, m'malo mokakamiza kalaliki kupeka tsiku. Mu 2006 njira imeneyi inayamba kugwiritsidwa ntchito pa chithandizo cha ma ARV ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kenako inafalikira m'zipatala zambiri. Chilichonse mwa zisankho zimenezi ndi yankho la vuto limene munthu sangalione ali mu ofesi yozizira bwino. Ndiko kunena kuti kukonza mapulani ndi kuyesa si ntchito ziwiri zotalikirana: wokonza wabwino amakhala atafunsa kale mafunso a woyesa asanalembe mzere woyamba.

Nanga kuyesako n'kutani kwenikweni? Kumayambira pa tizigawo ting'onoting'ono. Ngati kachigawo kena kamawerengera tsiku lobwereranso kuchipatala potengera mapiritsi amene munthu wapatsidwa, woyesa amakapatsa manambala osavuta, kenako ovuta: mwezi wa February wa masiku 29, munthu amene wabwera ndi mapiritsi otsala, munthu amene wasamuka kuchokera ku chipatala china. Kenako amalumikiza zigawozo n'kuona ngati zikumvana, chifukwa zolakwika zambiri, zimene amisiriwo amazitcha ma bug, zimabisala pamalire pamene ntchito ya mmodzi yakumana ndi ya mnzake. Amayesanso katundu wolemera, kuona chimene chingachitike anthu masauzande akalowa nthawi imodzi. Amazimitsa dala magetsi ntchito ili pakati, kuona ngati ndalama zachoka uku koma osafika uko. Ndipo nthawi iliyonse pulogalamu ikasinthidwa, mayeso onse akale amabwerezedwa, poopa kuti pokonza ichi tathyola icho. Zimenezi si zongopeka. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi onse oyembekezera amene ali ndi HIV, ndipo cha m'ma 2019 odwala ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Kusintha kulikonse kotere kumafuna kuti malamulo a m'kati mwa pulogalamu alembedwenso, ndipo popanda kubwereza mayeso, malipoti a dziko lonse atha kunama popanda aliyense kuzindikira. Chomaliza ndi kuyesa ndi eni ake, kumuika namwino weniweni patsogolo pa sikirini n'kukhala chete, kuona pamene wazunguzika. Denga lofoleredwa m'chilimwe limaoneka labwino kwa aliyense, mwini nyumba amalidziwa mvula ya Januwale ikabwera.

Wina anganene kuti ndikuwaunjikira amisiriwa milandu ya eni ake. Netiweki ikasowa kumudzi, mlandu ndi wa makampani a mafoni, osati wa wolemba pulogalamu. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, koma siifika patali. Pamene ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inayamba mu 2020, alimi oposa 3 miliyoni ankayenera kugula thumba la feteleza pa K4,495 poonetsa chiphaso cha unzika, chimene ogulitsa ankachijambula ndi foni yolumikizana ndi nkhokwe ya unduna. Maganizowo anali abwino, chifukwa makuponi a mapepala a ndondomeko yakale ankagulitsidwa ndi kuberedwa, ndipo kalembera wa unzika wa 2017, amene analemba anthu oposa 9 miliyoni, anali atapereka maziko. Koma nkhani zimene zinadzaza m'manyuzipepala ndi pawailesi zinali za alimi ogona pamalo ogulitsira kudikira netiweki, mvula ikuyandikira. Kufooka kwa netiweki kumidzi sichinali chinsinsi chimene chinatulukira chaka chimenecho. Chinthu chodziwika kale chotere chimayenera kulowa m'mapulani kuyambira pachiyambi, monga mmene Baobab inalowetsera kuzima kwa magetsi. Pali njira zodziwika zopangira pulogalamu yogwira ntchito popanda netiweki n'kudzatumiza nkhani pambuyo pake. Zili ndi zovuta zake, makamaka kuopa kuti munthu angagule kawiri m'malo awiri, koma kusinkhasinkha zovuta zoterezo ndiyo ntchito imene wokonza mapulani amalipidwira.

Chotsutsa chachiwiri ndi cha ndalama ndi nthawi. Dziko losauka, amatero ena, silingakwanitse kulipira anthu oti azingofunafuna zolakwika miyezi ingapo pamene ntchito ikudikira. Yankho lili m'mbiri yathu yomwe. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'boma mwachinyengo m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo njira imodzi inali kulipira kudzera mu IFMIS, pulogalamu yoyendetsera chuma cha boma, kenako n'kufufutamo umboni wake. Inde, anaba ndi anthu, osati kompyuta. Koma funso lakuti "kodi munthu wa m'kati angafufute malipiro osasiya phazi?" ndi limodzi mwa mafunso oyamba amene woyesa za chitetezo amafunsa, ndipo mtengo wolifunsa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinatayika, osawerengera thandizo la bajeti limene mayiko anaimitsa pambuyo pake. Kumayambiriro kwa 2024, nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko inaleka kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina ake analowereredwa ndi akuba a pa intaneti amene ankafuna dipo. Kwa boma ngati Chiradzulu, kumene malo olima ndi ochepa ndipo mabanja ambiri amadalira abale a ku South Africa, pasipoti si chinthu chamanyado. Kaya chinayambitsa n'chiyani, panali funso la woyesa limene linafunika kuyankhidwa zisanachitike: seva ikafa lero, kodi tili ndi kope lina, ndipo tinayesapo kulidzutsa?

Enanso amati tingogula mapulogalamu opangidwa kale kumayiko olemera, amene anayesedwa ndi akatswiri. Kugula sikolakwika. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, inachokera ku yunivesite ya Oslo ndipo ikutumikira mayiko ambiri. Koma kuyesedwa kwina si kuyesedwa kuno, ndiponso dzina lalikulu si chitsimikizo. Ku Britain, pulogalamu ya Horizon yopangidwa ndi Fujitsu inkaonetsa kuti ndalama zasowa m'mapositi ofesi pamene sizinasowe, ndipo pakati pa 1999 ndi 2015 oyang'anira mapositi oposa 900 anapezeka olakwa m'makhoti, ena mpaka kumangidwa, chifukwa akuluakulu anakhulupirira makina kuposa anthu. Zinatenga khoti lalikulu mu 2019 ndi lamulo lapadera mu 2024 kuti ambiri ayeretsedwe. Nkhaniyi imandiwawa ndikaganizira maejenti a Airtel Money ndi Mpamba amene amakhala m'timaokala m'mbali mwa msewu, kapena kalaliki wa pamalo ogulitsira feteleza. Manambala akasemphana, amene amayamba kukayikiridwa ndi iwowa, ndipo alibe njira yosonyezera kuti cholakwa chili m'kati mwa pulogalamu imene saloledwa n'komwe kuiona.

Amisiri tili nawo. MUBAS ku Blantyre, MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi ya Mzuzu zimatulutsa achinyamata odziwa kodi chaka ndi chaka, ndipo zitatu mwa sukuluzi zili pafupi ndithu ndi Chiradzulu. Malo ngati mHub, imene Rachel Sibande anayambitsa ku Lilongwe, anatsegulira khomo ena ambiri, kuphatikizapo atsikana. Vuto ndi mmene ntchito yawo imagulidwira. Yambiri imadalira mapulojekiti a mabungwe othandiza, a zaka zitatu kapena zisanu, ndipo ndalama zikasamuka, monga mmene ntchito ya makompyuta a m'zipatala za ma ARV inachokera ku Baobab kupita ku bungwe la EGPAF mu 2019, nzeru za anthu amene ankadziwa chifukwa chimene batani lina linaikidwira pamalo ake zimatha kubalalika. Makontirakiti amalipira tsiku lokhazikitsa, salipira miyezi ya kukonza imene imatsatira. Wophunzira amapatsidwa malikisi chifukwa pulogalamu yake yayenda pamaso pa mphunzitsi, kawirikawiri osafunsidwa kuti aonetse pamene inathyoka ndi mmene anadziwira. Woyesa amaonedwa ngati amene analephera kukhala wolemba kodi, ndipo kalaliki amalembedwa paganyu. Zimenezi zitha kusintha popanda kudikira chuma chambiri. Unduna kapena khonsolo yogula pulogalamu itha kulemba m'kontirakiti kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwa pulogalamuyo ikagwira ntchito mwezi wathunthu pachipatala chaching'ono kapena pamalo ogulitsira feteleza akumudzi, nthawi ya dzinja, ndipo wosainira kuti yakhoza akhale namwino, mlangizi wa zaumoyo kapena kalaliki wa pamalopo.