Ndalama za boma zimalondola munda: momwe alimi a ku America amathandizidwira

Kwathu kuno tikamva za thandizo la boma kwa alimi, maganizo amathamangira ku matumba awiri a feteleza, makuponi a FISP omwe anayamba mu 2005, kenako AIP ya 2020. Ku America kulibe kuponi. Boma limangoika ndalama mu akaunti ya mlimi kubanki, ndipo zambiri zimafika iye atakolola kalekale.

Ofesi ya pafupi ndi mlimi

Dziko la America linagawidwa m'zigawo, ndipo pafupifupi chigawo chilichonse chili ndi madera ang'onoang'ono otchedwa county, ofananako ndi maboma athu. Chigawo cha Iowa chokha, kuchimake kwa chimanga, chili nawo 99. Alimi a m'madera amenewa amakalembetsa minda yawo ku ofesi ya Farm Service Agency, nthambi ya unduna wa zaulimi, USDA. Mlimi amaloza pamapu munda uliwonse n'kunena zomwe wadzalamo. Palinso komiti ya alimi yosankhidwa ndi alimi anzawo. Zonsezi zinayamba mu 1933, nthawi ya Pulezidenti Franklin Roosevelt, mitengo ya mbewu itagweratu pansi.

Mtengo ukagwa

Apa mpomwe pagona nkhani. Nyumba ya malamulo imaika mtengo woyezera mbewu zikuluzikulu monga chimanga, soya, tirigu, mpunga ndi mtedza. Lamulo la 2014 linaika chimanga pa $3.70 pa bushel, muyezo wa makilogalamu pafupifupi 25, titi theka la thumba lathu lija. Chimanga cha 2016 chinagulidwa pa $3.36 tikatenga dziko lonse, choncho olembetsa ndondomeko ya Price Loss Coverage analandira masenti 34 otsalawo pa bushel iliyonse. Zikuoneka ngati zachenje, koma wa maekala 1,000 saziona choncho.

Ndondomeko ina, Agriculture Risk Coverage, imayang'ana ndalama zochokera ku zokolola za county yonse. Dera likapeza zochepa poyerekeza ndi zaka zapitazo, olembetsa onse amalandira, ngakhale uja amene mvula inamukomera. Koma matalala akawononga munda wako wokha anzako n'kukolola bwino, palibe chako. Mlimi wotere amadalira inshulansi ya mbewu, yomwenso boma limalipirako kuposa theka.

Maekala a m'kaundula

Chodabwitsa nchakuti malipirowa sawerengera zomwe wadzala chaka chino. Amatsata maekala omwe analembedwa kale m'kaundula, kutengera mbewu zomwe mundawo unkalimidwa zaka za m'mbuyo. Ukhoza kudzala soya n'kulandira za chimanga. Ogula minda amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake munda wa mbiri yabwino umakwera mtengo, ndipo wobwereketsa munda amakweza lendi. Gawo la thandizo la wolima limathera m'thumba la mwini malo, yemwe mwina amakhala ku Chicago.

Za dzidzidzi

Mu 2018 ndi 2019, China itakweza msonkho pa soya wa ku America, boma la Donald Trump linagawira alimi ndalama zoposa $20 biliyoni. Mu 2019 county iliyonse inali ndi mlingo wake, kuyambira $15 mpaka $150 pa ekala. Minda yoyandikana inalandira mosiyana chifukwa chakuti malire anadutsa pakati.

Amadya kwambiri ndani?

Wamunda waukulu, basi. Wolima ndiwo zamasamba pa maekala khumi ndondomeko ziwiri zija sizimukhudza n'komwe. Ine ndimati ili ndi thandizo la munda, osati la mlimi wovutika.

Malire alipo ndithu: lamulo la 2018 linati munthu mmodzi asapyole $125,000 pachaka pa ndondomeko ziwirizi. Koma famu ya banja imatha kulembetsa anthu angapo, aliyense ndi malire ake, bola aoneke kuti akutengako mbali poyendetsa ntchito. Lamulo lomwelo linakulitsa tanthauzo la banja, n'kulowetsamo asuweni ndi ana a achibale.