Hepatitis C: Kachilombo Kobisala M'chiwindi

Ambirife tikamva kuti wina akudwala chiwindi, maganizo amathamangira ku mowa. Poti pano sitimwa, timaona ngati nkhaniyi ndi ya anthu ena. Koma kachilombo ka hepatitis C sikafunsa ngati munthu amamwa kapena ayi. Kamangofuna mpata woti magazi a munthu amene ali nako alowe m'thupi la mnzake.

Mpatawo umapezeka pa jakisoni wogwiritsidwa ntchito kawiri, pa lezala lobwerekana, pa mpeni wotemera mphini anthu angapo, pa singano yoboolera makutu, ngakhalenso polandira magazi osayezedwa. Kudzera m'kugonana kapena kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana kamafalanso, koma osati kawirikawiri. Kudyera mbale imodzi, kupatsana moni wa m'manja kapena kumwera kapu imodzi sikupatsirana matendawa, choncho palibe chifukwa chomusala wodwala. Ife a m'mahostelo, chimene tiyenera kusiya ndi kubwerekana malezala ndi miswachi.

Chovuta n'chakuti kachilomboka kamakhala phee. Anthu ambiri akangokatenga samva chilichonse. Pafupifupi atatu mwa anthu 10 alionse thupi lawo limakagonjetsa lokha m'miyezi 6. Kwa otsalawo kamakhazikika, n'kumadya chiwindi pang'onopang'ono kwa zaka 20 kapena kuposa. Kwa ena mwa iwo chiwindi chimachita zipsera n'kuuma, ndipo ena amadwala khansa. Pamene maso ayamba chikasu, mimba n'kutupa, zinthu zimakhala zitafika kale patali. Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi kachilomboka, ndipo ambiri mwa iwo sakudziwa.

Dziko la Egypt linaona zakuda ndi matendawa. Kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, boma linkabaya anthu ambirimbiri a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Nile mankhwala a likodzo. Cholinga chinali chabwino, koma majakisoni ankagwiritsidwa ntchito mobwereza osawiritsidwa mokwanira. Nthawi imeneyo panalibe amene ankakadziwa kachilomboka, chifukwa kanatulukiridwa mu 1989. Mapeto ake Egypt inakhala m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Mu 2018 boma linayamba kuyeza anthu mwaulere m'dziko lonse, ndipo linayeza anthu mamiliyoni ambiri n'kupereka mankhwala kwa opezeka nako. Pofika mu 2023, WHO inalengeza kuti Egypt ndi dziko loyamba kufika pa mlingo wa golide pa ntchito yothetsa hepatitis C. Ine chimandigwira mtima n'chakuti dziko la mu Africa mommuno ndi limene linatsogola.

Kuyezetsa kuli pawiri, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Kuyeza koyamba kumafufuza ma antibody, amene amasonyeza kuti thupi linakumanapo ndi kachilomboka. Zotsatira zikatuluka kuti alipo, sizikutanthauza kuti mukudwala, chifukwa amatsalabe m'magazi ngakhale mwa munthu amene anachira kalekale. Pamafunika kuyeza kwachiwiri, kofufuza kachilombo kenikeniko m'magazi. Kumeneko ndi kumene kumanena ngati mukufunika mankhwala. Amene munalandirapo magazi kalekale, munatemedwapo mphini ndi lezala la gulu, kapena muli ndi HIV, funsani adokotala za kuyezetsaku.

Mosiyana ndi HIV, hepatitis C imachizika. Kale odwala ankabayidwa interferon kwa miyezi yambiri, mankhwala owawa m'thupi, ndipo ambiri sankachira. Lero pali mapiritsi monga sofosbuvir ndi daclatasvir, omwa tsiku lililonse kwa masabata 12, kapena 24 kwa ena amene chiwindi chawo chawonongeka kwambiri. Anthu oposa 95 mwa 100 alionse amachira. Chachikulu ndi kumaliza mankhwala, n'kukayezetsanso pakatha masabata 12 kuti mutsimikize. Zitsamba zimene ena amagulitsa ponena kuti zimatsuka chiwindi sizichotsa kachilomboka, ndipo zina zimangowonjezera ntchito pa chiwindi chodwala kale.

Katemera wa hepatitis B alipo, ndipo ana kuno ku Malawi amalandira ku sikelo, koma wa hepatitis C palibe. Komanso kuchira sikuteteza: munthu wochira akabayidwanso ndi singano yokhala ndi magazi a wodwala, akhoza kukatenganso kachiwiri.